Kangaru: nyama yobereka mwana wonga nyemba

Anzanga a Fomu 2, JCE ili pakhomo, ndiye tiyeni tikumbutsane za nyama zoyamwitsa. Ambirife tikamva mawuwa timangoganiza mbuzi, ng'ombe ndi anthufe basi. Koma pali gulu lina la nyama zomwe ana ake amakulira m'thumba la pamimba pa amayi awo, ndipo chimphona pagululi ndi kangaru wofiira. Kwawo ndi ku Australia, makamaka kumadera ouma a pakati pa dzikolo. Ku Liwonde kapena ku Kasungu musavutike kukamufuna, kulibe.

Ine chimandizunguza mutu ndi kaberekedwe kake. Mbuzi yathu imatenga miyezi isanu kuti iswe. Kangaru wofiira amangotenga masiku pafupifupi 33, kenako kamwana kabadwa, kakang'ono ngati nyemba, kosakwana ngakhale galamu imodzi. Ubweya kalibe, maso sikaona. Komabe kamakwawa kokha ndi timiyendo takutsogolo mpaka kulowa m'thumba muja, n'kukakamira nsonga ya bere. Mmenemo kamakhala miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Ndiye tangoganizani, kanthu komweko kakakhala kamphongo kakhoza kudzalemera makilogalamu 80 kapena kupitirira!

Nkhani siinathe. Mayi uja akangobereka amatha kutenganso bere lina, koma kamwana ka m'mimbako kamaima kukula, kudikira kuti m'thumba mupezeke malo. Wam'thumba akatsala pang'ono kutuluka, kapena akafa chifukwa cha chilala, m'pamene kamayambiranso kukula. Choncho mayi mmodzi amatha kukhala ndi ana atatu nthawi imodzi: wina panja, wina m'thumba, wina m'mimba. Awiri oyamwawo aliyense ali ndi bere lake, ndipo mkaka wake umasiyana. Wamkulu amalandira wamafuta ambiri. Koma abale!

Kunja kukatentha, kangaru amagona pamthunzi n'kumanyambita miyendo yakutsogolo kuti malovu akamauma thupi lizizire. Udzu amakadya madzulo ndi usiku. Akamathamanga amalumpha ndi miyendo yakumbuyo yonse pamodzi, ndipo kulumpha kumodzi kumatha kufika mamita 8. Akamayenda pang'onopang'ono mchira wake wonenepawo amautsamira ngati mwendo wachisanu.

Pamayeso musamusokoneze ndi platypus, nyama inanso yoyamwitsa ya ku Australia komweko. Iyo imaikira mazira, kangaru ayi.