Mzinga wa ku Mangochi ndi Sitima ya Ajeremani

Mukafika ku Mangochi, taimani pa nsanja ya wotchi, pafupi ndi mlatho wa Shire, muone mzinga uli pamenepo. Unachokera m'sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen.

Mdani wa Guendolen anali Hermann von Wissmann, sitima yoyendera nthunzi imene Ajeremani anaipanga ku Hamburg. Anaibweretsa zidutswazidutswa nailumikiza kuno, ndipo mu 1893 inayamba kuyenda panyanja yathu, kuletsa malonda a akapolo.

Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangobuka ku Ulaya, Kaputeni Rhoades anafika ndi Guendolen ku Liuli, kutsidya kwa nyanja, napeza sitimayo ili pamtunda akuikonza, naiombera. Woiyendetsa, bwenzi lake la Rhoades, anali asanamve n'komwe za nkhondoyo. Tsiku lomwelo bwenzi linasanduka mkaidi. Taonani mmene nkhondo imadulira chibwenzi!