Phunziro 18: Agogo Apita Kumwera

Ku Furancungo, m'boma la Macanga, kuli agogo ena oyimba ng'oma pa gule wamkulu. Nkhondo ya ufulu itafika m'cigawo ca Tete mu 1968, iwo adali kamnyamata. Dzina la Mondlane ndi la Samora adangokula akulimva, koma kwao kwa anthu awiriwa adali asadakuone. Maso atayamba kucita khungu, agogo adagulitsa fodya ndi mbuzi ziwiri. Adati: "Ndikaone ndisadaleke kupenya."

Vuto lidalipo limodzi. Agogo sadziwa Cipwitikizi, ndipo kumwera anthu sayankhula Cinyanja. Tsono adaitana mdzukulu wao wamkazi wa ku Tsangano, amene ali m'kalasi 5.

"Iwe ukhala pakamwa panga," adatero agogo.

"Agogo, nanga ndikalakwitsa?"

"Ukalakwitsa tisocera tonse awiri."

Adakumana mumzinda wa Tete m'mwezi wa Ogasiti. Pofika mumzindawo aliyense adaoloka Zambezi pa mlato wa Samora Machel. Kucoka apo basi idadzera ku Changara, dziko lotentha la milambe, mpaka Chimoio ndi Inchope. Pa Inchope idakhotera kumwera. Mtsikana uja, wozolowera mphepo ya kumapiri kumene amalima tirigu ndi mbatata, thukuta lidangoti kamukamu. Ataoloka mtsinje wa Save adayamba kuona mitengo ya ngole.

Adatsika pa Quissico, m'boma la Zavala, kwao kwa Acopi. Kumeneko m'mwezi wa Ogasiti magulu a timbila amasonkhana. Timbila ndi mangolongondo osema ndi mtengo wa mwenje. Pansi pa thabwa lililonse amamatapo cigoba ca cipatso ndi phula la njuci kuti mau akule. Zina ndi zazing'ono zolira mokweza, zina ndi zazikulu zolira ngati bingu lakutali. Amuna ambiri amayimba pamodzi, ovina ali kutsogolo ndi zishango m'manja.

Mtsikanayo adafuna kufunsa tanthauzo la nyimbo, koma agogo adamugwira mkono.

"Dikira. Tamvera uyo wakhala pakatiyo. Iye akayamba, anzake onse amtsata. Kwathu nchito imeneyi ndi ya mbalule."

Adakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, phazi la agogo likugunda pansi. Pambuyo pake munthu wina adafotokoza m'Cipwitikizi kuti nyimbo za timbila zimanena zocitika m'mudzi, ndipo zimadzudzula ngakhale akuluakulu. Adatinso bungwe la UNESCO lidalemekeza timbila mu 2005. Mtsikana atamasulira, agogo adaseka, cifukwa gule wamkulu adalemekezedwanso caka comweco.

M'mawa mwake adalowa m'cigawo ca Gaza, napita ku Nwadjahane, m'boma la Manjacaze. Kumeneko ndi kumene Eduardo Mondlane adabadwira pa 20 Juni 1920. Malowa ndi osungirako mbiri, koma si nyumba imodzi yotseka ndi citseko ayi. Mlendo amayenda pabwalo, pansi pa mitengo, mmene mwanayo ankayendamo. Mondlane adali mbusa wa ziweto, ndipo sukulu adayamba atakula ndithu. Adaphunzira mpaka ku America. Mu 1962 adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa FRELIMO. Adaphedwa ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969 ndi bomba limene lidabisidwa m'phukusi la buku. Ndico cifukwa cake pa 3 Febuluwale timakumbukira ngwazi za dziko lathu.

Apa mtsikana adavutika. Wowaonetsa malo ankayankhula mofulumira, ndipo zaka zidamusokoneza. Manyazi adamugwira, koma adalimba mtima napempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Adalemba zakazo m'kope, kenaka adawauza agogo cimodzicimodzi.

"Mbusa wa mbuzi?" agogo adafunsa kawiri konse. Iwonso adaweta mbuzi, koma sukulu sadaiponde.

Malo otsiriza adali Chilembene, m'boma la Chókwè, m'cigwa ca mtsinje wa Limpopo. Samora Machel adabadwira kumeneko pa 29 Seputembala 1933, m'banja la alimi. Adagwira nchito ya unamwino asadalowe nkhondo. Pa 25 Juni 1975 adakhala Pulezidenti woyamba wa Moçambique. Adamwalira pa 19 Okutobala 1986, ndege itagwa pa Mbuzini ku South Africa, akucokera ku Zambia.

Zithunzi za pakhoma agogo sadazione bwino. Adayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Mdzukulu adawawerengera mau a pansi pa cithunzi ciliconse, osadumpha ngakhale cimodzi. Atatuluka, agogo adakhala pamthunzi nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka adafunsa ngati ndalama zotsala zikwanira basi yobwerera ku Tete. Mtsikana adawerenga. Zidakwanira, koma za cakudya zidatsala za tsiku limodzi lokha.

Mafunso

1. Cifukwa ciyani agogo adatenga mdzukulu wao pa ulendowu?
2. Kodi timbila amapanga ndi ciyani?
3. Lembani caka cimene Mondlane adabadwa ndi caka cimene Samora adabadwa. Wamkulu adali ndani, ndipo ndi zaka zingati?
4. Mtsikana adacita ciyani pamene sadamve bwino Cipwitikizi?
5. Jambulani mapu a ulendowu kuyambira ku Tete. Onetsani mitsinje itatu imene yachulidwa.
6. Funsani agogo anu dzina la ng'oma iliyonse ya gule wa kwanu. Mudzauze anzanu mawa.