Malangizo: Dramu ya Mabuleki Akumbuyo Ikakanirira

Dramu ya mabuleki akumbuyo imakanirira dzimbiri likamanga pakati pa dramuyo ndi habu. Chinyezi cha kunyanja chimakulitsa vutoli pa magalimoto onyamula usipa ku Ngara, pamsewu wa M1.

Matayala akutsogolo atchingidwe, handibuleki imasulidwe, ndipo galimoto ikhale pa chochirikiza cholimba, poti jeke yokha siyodalirika. Tayala likachotsedwa, makaniko athire mafuta ofewetsa dzimbiri pakati pa dramu, kenaka amenye ndi hamala pakati pa masitadi, osati m'mphepete momwe mumasweka msanga.

Madramu ambiri a Toyota ali ndi timabowo tiwiri: mabawuti a M8 akamangidwamo mosinthanasinthana, dramu imatuluka pang'onopang'ono. Ikagwirabe, ndiye kuti mashuzi a mabuleki akola pomwe dramu inadyeka mkati, choncho ajasitala ya mashuziwo ibwezedwe kudzera pabowo lakumbuyo. Fumbi lam'kati lisauziridwe ndi pakamwa, limawononga mapapo.