Bowa amene sangamere popanda mtengo

Achinyamata anzanga, mvula ikakhazikika mu Disembala ndi Januwale, bowa amapulumutsa mabanja ambiri pa nkhani ya ndiwo. Koma kodi munadzifunsapo chifukwa chomwe bowa wina samera m'munda wa chimanga, ngakhale mvula itagwa bwanji?

Tiyeni titenge chitsanzo cha bowa wotchedwa bolete pa Chingerezi. Mukamutembenuza, kunsi kwa chipewa chake simupeza timizere ayi, mupeza timabowo ting'onoting'ono ngati siponji. Ku Ulaya amamera pansi pa mitengo monga ya oak. Mtundu wina umene ku Italy amautcha porcini umagulidwa modula, koma mpaka lero amachita kuutola m'nkhalango chifukwa kuulima kunakanika.

Chinsinsi chili m'nthaka. Chimene timazula ndi chipatso chabe. Bowa mwini wake ndi tiulusi toyera tomwe timakulunga timizu ta mtengo. Tiulusiti timapezera mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka, ndipo mtengowo umabweza shuga amene masamba ake amapanga ndi dzuwa. Bowayu sangapange yekha chakudya. Mtengo ukadulidwa n'kufa, nayenso amafa ndi njala.

Kuno kwathu ntchito ya oak imagwiridwa ndi mombo, tsamba ndi msuku. Ndelema ndi manyame, ngakhale sali m'gulu la bolete, amakhalira m'njira yomweyi. N'chifukwa chake thumba la makala lochokera m'phiri la Chiradzulu limatilanda ndiwo za zaka zambiri. Ndipo tisadzinamize kuti bulugamu alowa m'malo mwa msuku. Ndelema sangabwerere chifukwa cha bulugamu. Bowa wa oyisitara amalimidwa pa mapesi chifukwa amadya zowola, koma anzakewa amafuna mtengo wamoyo.

Chenjezo ndi ili: ma bolete ena ndi apoizoni. Kusintha mtundu akadulidwa, kapena kudyedwa ndi tizilombo, si umboni woti bowa ndi wabwino kapena woipa. Musadye bowa amene akuluakulu odziwa sanamuvomereze. Poizoni wa bowa wina amayamba kuoneka patapita maola 6 kapena kuposerapo, ndipo amaononga chiwindi. Munthu akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa, thamangirani naye kuchipatala, mutengenso bowa wotsalayo.

Sabata ino kalabu iliyonse ifunse agogo a m'mudzi mwawo mayina a bowa amene ankatola kale, ndi mitengo imene ankamupezapo. Kenaka mukawerenge kuti mitengoyo yatsala ingati.