Phunziro la Mwezi Uno: Za Nthenda ya Khansa ya Kummero ndi Machiritso Ache

M'midzi mwathu muno m'Mulanje tiona anthu amene nsima iwakanira pakhosi. Ayamba kudya phala lokha, pambuyo pache madzi omwe awakanika, ndimo thupi liuma. Ambiri ati, Amlodza. Koma kawirikawiri nthenda imeneyi ndiyo khansa, ndipo Malawi ali mwa maiko amene khansa ya kummero ichuluka koposa pa dziko lonse lapansi.

I. Malo a nthenda. Kunsi kwa khosi njira zisiyana: ya mpweya ipita kutsogolo, m'kholingo mmene muturuka mau, ya chakudya ipita kumbuyo, nitsikira m'mimba. Chotupa chimera pa mphambano imeneyo, kapena m'njira ya chakudya momwemo. Fodya ndi kachasu zichiitana, makamaka zikakhala pamodzi. Zizindikiro zache ndi izi: kulephera kumeza, mau osasa osaleka, kupweteka kofika kukhutu, chotupa m'khosi, ndi kuonda.

II. Kudziwa nthenda. Dotolo alowetsa kachubu kokhala ndi nyali, naona mkati, nadula kanyama kakang'ono kuti akapime. Zipatala zathu za kuno zitumiza wodwala ku Queen Elizabeth, chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kukachita zimenezi.

III. Machiritso. Njira zazikuru ziri zitatu. Yoyamba ndiyo opaleshoni, kuchotsa chotupa. Chikakula, achotsa ndi kholingo lomwe. Pamenepo munthu apumira pa kabowo ka pakhosi, nataya mau ache akale, koma moyo ukhoza kupulumuka. Yachiwiri ndiyo kutentha chotupa ndi cheza cha makina, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 6 kapena 7. Yachitatu ndiyo mankhwala amphamvu olowa m'mitsempha. Madotolo akonda kuphatikiza ziwiri zotsirizazi kuti kholingo lisungike. Zaka zambiri dziko lathu linalibe makina a cheza, ndimo odwala ochepa okha anatumizidwa kunja, monga ku India. Koma mu 2025 chipatala cha boma cha khansa chinatsegulidwa ku Lilongwe, pa Kamuzu Central Hospital.

IV. Nthenda ikapitirira. Tisanene kuti, Palibenso chochita. Njira ya chakudya ikatsekeka, aikamo kapaipi kofunyulula, kuti wodwala amezenso phala. Kapena ampatsa chakudya ndi chubu cholowa m'mimba. Zowawa azichepetsa ndi mankhwala a morphine, ndipo pa Mulanje Mission Hospital pali anchito osamalira odwala otere. Ife a pamudzi timpatse phala losalala la nsinjiro, mkaka, mazira, pang'onopang'ono, ali chikhalire tsonga.

Tsono chachikuru m'phunziro lathu ndi ichi: machiritso onsewa apindula molingana ndi nthawi imene munthu afika nayo. Wofika chotupa chiri chaching'ono akhoza kuchira. Wochedwa miyezi yambiri kwa oombeza apeza njira zina zitatsekeka. Chifukwa chache, mbale wathu akabvutika kumeza masabata 3, tisamdikire aonde; timperekeze ku chipatala sabata lomwelo.

Mafunso a pa msonkhano: 1. Tchulani zizindikiro 5 za nthendayi. 2. Njira zitatu za machiritso nziti? 3. Wodwala amene sadzachira timthandize bwanji?