Kujambula m'chigwembe: dikirani Juni

Anzanga, patchuthi chapitachi ndinakacheza kwa malume amene amasamalira maluwa panyumba ina ku Area 10. Pakhoma la pabalaza la abwana awo pali chithunzi chachikulu chimene poyamba ndinkayesa nsalu yofiira yopindapinda. Malume anaseka, amvekere, "Iwe, ndi mwala umenewo." Malowo ndi Antelope Canyon, pafupi ndi tauni ya Page ku Arizona, ku America, m'dera la anthu a mtundu wa Navajo. Ndi mpata wakuya koma wopapatiza kwambiri, umene madzi osefukira anaugoba m'thanthwe kwa zaka zambirimbiri.

Pobwerera, minibasi itangowoloka mlatho wa Lilongwe ku Old Town, ndinaganiza za chigwembe chija timalambalala popita kusukulu. Chathu n'chadothi, si chamwala, koma wokumba ndi mmodzi yemweyo, madzi. Ndinabwereka foni ya achimwene n'kuyamba kuyeserera, ndipo zimene ndaphunzira ndi izi.

Choyamba ndi nyengo, ndipo apa musachite nazo chibwana. Pa 12 Ogasiti 1997 alendo 11 anafa m'munsi mwa Antelope Canyon. Pamalopo sipanagwe mvula yambiri. Inagwa kumtunda, kutali, madzi n'kubwera mwadzidzidzi mumpatamo iwo alibe kothawira. Masiku ano munthu salowamo popanda wotsogolera wovomerezeka. Kwathu kunonso makolo amakumbukira Febuluwale wa 2017, pamene Lingadzi anasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire. Ndiye m'dzinja, ngakhale kumwamba kutayera bwanji, m'chigwembe si molowa. Dikirani nyengo yozizira, Juni ndi Julayi, pansi patauma. Ku Arizona nyengo yozizira ndi Disembala mpaka Febuluwale chifukwa ali kumpoto kwa equator. Miyezi imeneyo alendo amachepa, ndipo wojambula amapeza mpata woima osakankhidwa.

Chachiwiri ndi kuwala, ndipo apa ndi pamene ndinadabwa. Ndinkaganiza kuti dzuwa likachuluka chithunzi chimakongola. Bodza. Mu Juni dzuwa silifika pamutu penipeni kuno ku Lilongwe. Ngakhale masana limapendekera kumpoto, monga anatiphunzitsira aphunzitsi a Jogalafe. Chigwembe chathu chinagona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, choncho dzuwa limawomba khoma lakummwera, kenako kuwalako kumanjanja n'kugwera pakhoma linalo lili mumthunzi. Khoma lamumthunzilo ndiye lojambula. Katondo amaoneka psuu ngati makala a moto, ndipo mizere yonse imene madzi anasiya imaonekera bwinobwino. Khoma lowombedwa dzuwa limangotuluka mbuu. Ine zimandiyendera cha m'ma 10 koloko m'mawa. Tsiku la mitambo mitundu imazilala pang'ono, koma simuvutika ndi mithunzi yakuda bii.

Zithunzi zanga zoyamba zinali zochititsa manyazi, eti. Kumwamba mbee, pansi mdima wokhawokha. Vuto linali loti ndinkalowetsamo thambo. Foni ikaona thambo lowala imachepetsa kuwala konse, makoma n'kuda. Ndiye thambo lisiyeni kunja, kapena lingooneka kachidutswa. Dinani pasikirini pamene pali khoma mukufunalo, ndipo ngati kwawala mopitirira, tsitsani ka dzuwa kamene kamatuluka pambali. Flash zimitsani, imapha mitundu. Pukutani kagalasi ka kamera ndi malaya, chifukwa mphepo ya mwera imadzaza fumbi. Mumthunzi foni imachedwa kujambula, ndiye dzanja likangonjenjemera chithunzi chimachita chimbuuzi. Kanikizani zigongono pamimba, gwirani mpweya, kenako dinani.

Muimikenso mnzanu patali pang'ono kuti woona adziwe kuya kwake. Popanda munthu, chigwembe chotalika kuposa nyumba chimaoneka ngati kangalande ka m'munda. Mnzanuyo ndi wofunikanso pa chifukwa china: musamapite nokha. Dothi si mwala, limagumuka. Osatsamira khoma, osaima pansi pa malo amene dothi lalendewera, ndipo muziyang'ana popondapo chifukwa njoka zimabisala m'maenje.

Pali chinthu chimodzi chimene chithunzi cha ku Area 10 chija sichinandikonzekeretse. Antelope Canyon amapita kukaiona anthu olipira ndalama, koma chigwembe chathu chikudya minda. Pamene chinayambira, mutu wake umasendera kumtunda dzinja lililonse. Loweruka lapitali ndinaponda mapazi kuchokera pamutupo mpaka pamzere woyamba wa munda wa agogo, ndipo ndinapeza 14. Ndinajambula nditaima pachitsa cha mthethe, n'kulemba tsiku m'kope la Jogalafe. Juni wa chaka chamawa ndidzaimanso pachitsa chomwecho. Amene muli ndi zigwembe kwanu yesani, zithunzizo tidzazimate pano.