Kusamala tsitsi lowongola kuti lifike madzulo lisananyankhalale

Amayi ambiri a mu Blantyre nkhaniyi amaidziwa. Tsitsi lawotchedwa Loweruka, Lamulungu kutchalitchi likugwa bwino m'khosi, koma Lolemba pofika pa siteji ya ku Limbe lafufuma kale m'mizu, kunsonga lanyankhalala. Chala chimathamangira kwa mwini saluni, kuti mwina mankhwala ake ndi achinyengo kapena anawatsuka msanga. Zoterezi zimachitikadi, koma kawirikawiri chowononga tsitsilo chimakhala pakhomo panu pomwe, ndipo ndi madzi. Sindikunena a mvula okha ayi. Ndikunena nthunzi ya mumphika, thukuta la m'mutu ndi chinyezi cha mumpweya.

Yambani ndi kudziwa mmene tsitsi lanu linawongoledwera. Lowongola ndi moto, kaya ndi chipeso chachitsulo cha pambaula, kaya simbi ya tsitsi yamagetsi, kaya dryer ya m'manja, limakhala lowongoka pokhapokha lili louma. Moto umamasula timfundo tofooka ta mkati mwa tsitsi, ndipo timfundoto timamangikanso mwakale tikangonyowa. Lowongola ndi mankhwala, monga Dark and Lovely, Sofn'free kapena Revlon, silibwerera, chifukwa mankhwalawo amadula mfundo zolimba zimene zimapotokola tsitsi lathu. Koma nalonso lili ndi vuto lake. Kunja kwa tsitsi lililonse kuli timamba togonerana ngati mamba a chambo. Timambato tikagona, tsitsi limawala ndipo limaterera. Mankhwala amatidzutsa, chinyezi n'kupeza polowera, tsitsi n'kutupa. Choncho ntchito yonse ili pa zinthu ziwiri: kugoneka timambato ndi kutsekereza chinyezi kunja.

Ntchitoyi imayamba tsiku lotsuka. Sopo wochapira zovala, wa mtanda uja kapena wa ufa, asafike m'mutu mwanu. Ndi waukali, amachotsa mafuta onse ndi kusiya tsitsi lokhakhala, ndipo palibe chodzola chimene chingakonze zimenezo m'mawa mwake. Botolo laling'ono la shampu limakhala miyezi ngati mukutsuka kamodzi pa sabata kapena pa masiku khumi, ndipo kutsuka kotereku n'kokwanira. Pakani shampu pakhungu la m'mutu ndi nsonga za zala, thovu litsike lokha kunsonga kwa tsitsi. Musaliunjike pamwamba pamutu n'kumalifikisa ngati mukuchapa, chifukwa limapiringizana ndi kuduka. Kenako pakani conditioner, makamaka kunsonga, dikirani mphindi zisanu, pesani ndi chipeso cha mano otalikirana conditioner akadali momwemo, n'kutsukuluza ndi madzi ozizirirapo. Amene mumatunga pachitsime kapena pamjigo mpopi ukauma mwina mwaona kuti madzi ena amasiya tsitsi lolimba ndi lotuwa. Thirani masupuni awiri a viniga mu lita imodzi ya madzi, mutsukuluzire komaliza. Fungo lake limatha tsitsi likauma.

Popukuta, thawulo lokhakhala lisiyeni. Tengani malaya akale a thonje ofewa, kulungani tsitsi ndi kufinya pang'onopang'ono.

Pouma m'pamene ambiri amataya ndalama zawo. Tsitsi lichoke mu dryer litauma mpaka m'mizu. Mukakhala m'marola ku saluni, kutentha kumatopetsa, pamzere pali anthu, ndipo wokonza tsitsi amafuna mpando, ndiye nonse mumagwirizana kuti lauma. Masulani rola imodzi ya kunkhongo, kumene tsitsi ndi lochindikala, dikirani lizizire, ligwireni m'mizu. Likamveka lozizira mwachinyontho, bwererani mu dryer. Kachinyezi kotsalirako n'kamene kamadzatuluka masana n'kufufumitsa mutu wonse. Magetsi akazima muli pakati, ndi bwino kupita kunyumba ndi marola mutafunda duku kusiyana ndi kumasula tsitsi lonyowa. Ngati mwatsukira pakhomo, tsukani m'mawa dzuwa lili ndi mphamvu, lukani mizere inayi kapena isanu yomasuka, liume tsiku lonse.

Za moto ndinenepo pang'ono. Chipeso cha pambaula chilibe choyezera, choncho chiyeseni kaye pa pepala loyera. Pepalalo likachita bii kapena kufiirira, dikirani chizizire. Simbi yamagetsi isapitirire madigiri 180, ndipo pa tsitsi la mankhwala itsike kuposa pamenepo. Tengani tsitsi pang'onopang'ono, dutsitsani simbi kamodzi kapena kawiri basi, mutapaka mafuta oteteza ku moto. Mukamva kuthetheka ndiye kuti tsitsi ndi lonyowa ndipo mukuliphika. Moto ukhale wa tsiku lotsuka lokha. Kubwereza simbi m'mawa uliwonse pa tsitsi lodzola kale kumawotcha mafuta ndi fumbi pamodzi, ndipo nsonga zikang'ambika sizilumikizananso, mankhwala ake ndi sizasi.

Tsopano mafuta. Tinakula tikudzola Vaseline wambiri m'mutu, ndipo ena mpaka lero amaganiza kuti tsitsi likanyankhalala ndiye kuti lachepa mafuta. Mafuta olemera amaligoneka kwa ola limodzi, kenako amakoka fumbi la mumsewu, tsitsi n'kumamatirana. Mu September ndi October, mphepo ikamaulutsa fumbi m'misewu ya dothi ya ku Machinjiri ndi ku Bangwe, mutu wodzola kwambiri umafika kuntchito utasintha mtundu. Chimene chimatchinga chinyezi bwino ndi serum ya tsitsi. Werengani kuseri kwa botolo, mukapeza mawu oti dimethicone kapena cyclopentasiloxane ndiye yomweyo. Madontho awiri kapena atatu m'manja, fikisani, pakani kuyambira pakati pa tsitsi kutsikira kunsonga. Ngati serum yadula, mafuta a kokonati kapena a azitona pang'ono kwambiri amathandiza, ongonyowetsa zikhatho. Mafuta a nsatsi ndi olemera, asungireni m'mphepete mwa chipumi ndi pakhungu la m'mutu usiku wa tsiku loti mawa mutsuka.

Chenjerani ndi glisalini. Ambiri timamudzola pakhungu nyengo yozizira ndipo amathandiza, koma ntchito yake ndi kukoka madzi a mumpweya. Pa tsitsi lowongola, m'nyengo ya mvula kuyambira November mpaka April, kapena chiperoni chikatsika mu June ndi July n'kuphimba phiri la Soche ndi la Ndirande, glisalini amaitanira chinyezi m'mutu mwanu. Mafuta ambiri opopera ndi a pinki aja amakhala ndi madzi ndi glisalini koyambirira kwenikweni kwa mndandanda wa zosakaniza. Pa tsitsi lowongola ndi moto musawayandikize n'komwe.

Koma ngati pali chinthu chimodzi choti musachiphonye, ndi cha usiku. Tsitsi loti lidzawoneke bwino mawa limakonzedwa musanagone. Tengani chipeso cha mano otalikirana, yambani pakati pamutu, pesani tsitsi lonse mozungulira mutu mbali imodzi, ligone mosanjikizana, mukulisalaza ndi chikhatho kapena bulashi yofewa. Lalifupi ligwireni ndi mapini awiri atatu, muwachotse mukamanga nsalu kuti asasiye mizere. Nsaluyo ikhale yoterera, satini kapena silika. Duku la chitenje ndi pilo wa thonje amamwa mafuta a tsitsi ndi kulikhula usiku wonse mukamatembenuka. Simukusowa kupita kusitolo zodula. Pa kaunjika ku Limbe kapena mumsika wa Ndirande mipango yoterera imapezeka, ndipo telala aliyense angakudulireni theka la mita la nsalu ya layini ndi kuipinda m'mphepete. Mukagula mita yathunthu, yotsalayo musoketse chovalira pilo, chifukwa duku limavuka tulo tikakoma. Mfundo ya duku ikhale pachipumi kapena kunkhongo, yosathina. Mbali yozungulitsira muzisintha, sabata ino kumanja, yamawa kumanzere, kuti m'mphepete musaperepeseke mbali imodzi. Ndipo musagone ndi tsitsi lonyowa kapena la thukuta.

M'mawa duku lisachoke msanga. Apa m'pamene zinthu zimasokonekera, chifukwa ntchito za m'mawa pakhomo pafupifupi zonse ndi za nthunzi: kukoleza mbaula, kutereka madzi osamba, kuphika phala la ana, kusita. Chitani zonsezi tsitsi lili lomangidwa. Posamba onjezerani kapu ya pulasitiki pamwamba pa dukulo, ngakhale jumbo yoyera imagwira ntchito, ndipo madzi asakhale otentha mofuka. Mukatuluka kubafa vulani pulasitikiyo nthawi yomweyo kuti mutu usachite thukuta, koma duku likhalebe mpaka thupi litazizira, mwadzola, mwavala. Kumasula tsitsi kukhale komaliza, nsapato zili kumapazi. Lipeseni kutsika, dontho limodzi la serum ngati likufunika, basi. Madzulo pophika nsima chitaninso chimodzimodzi, chifukwa povundula, nkhope ndi tsitsi la kutsogolo zimakhala m'nthunzi momwemo. Wosenza ndowa kuchokera pa kiosk aike jumbo pansi pa nkhata, ndipo ndowayo isadzaze mpaka pakamwa.

Mzinda wathu ndi wa zitunda. Wochokera kumtunda kwa Ndirande kapena m'munsi mwa Michiru ku Chilomoni amafika pa siteji thukuta litayamba kale m'mutu, kenako amalowa mu minibasi yodzaza yotseka mawindo. Thukuta limayamba kubweza mizu, nsonga zikadali bwino. Ngati ulendo wanu ndi wotere, yendani ndi duku loterera kumutu, pamwamba pake mangani la chitenje ngati mukufuna kuti lioneke bwino, mukamasule mutafika ndipo mutapuma mphindi khumi. Pa kabaza wa njinga yamoto dukulo ndi lofunika kawiri: limatchinga mphepo, komanso chipewa cha helmeti chimene chavalidwa ndi anthu ambiri tsiku limenelo chisakhudze tsitsi lanu. Helmetiyo valani ndithu, tsitsi limapesedwanso. Ambulera yaing'ono izikhala m'chikwama ngakhale kumwamba kukuoneka koyera, pakuti mvula ya mu Blantyre sichenjeza.

Masana manja achoke m'mutu. Kuligwiragwira ndi kulipesa ola lililonse kumadzutsa timamba tija, makamaka ndi zipeso zapulasitiki za mano othinana. Likanyowa pang'ono ndi mawawa, musalipese lili lonyowa. Lisalazeni ndi chikhatho, mangani duku mphindi makumi awiri, liume lili logona. Likakanikiratu, limangeni kumbuyo momasuka ndi kansalu kofewa. Labala ya ndalama ija imadula tsitsi.

Pakapita masabata angapo mizu yatsopano imamera, pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo imeneyi ndi yachibadwa, imafufuma ngakhale mutasamala chotani. Apa ambiri amathamangira retouch, kukapakitsanso mankhwala. Dikirani masabata osachepera asanu ndi atatu, ndipo kufika khumi ndi awiri n'kwabwino koposa. Mankhwala apakidwe pa mizu yatsopano yokha. Akafika pa tsitsi lowongola kale amalipyapyalitsa, ndipo tsitsi lopyapyala ndi limene limanyankhalala msanga. Musakande m'mutu masiku awiri kapena atatu musanapite, onetsetsani kuti apaka Vaseline pakhungu la m'mphepete ndi m'makutu, ndipo mukamva kuwotcha nenani atsuke pompo. Mawu oti "pirirani pang'ono agwire" ndi amene asiya zipsera m'mitu ya anthu ambiri. Shampu yoziziritsa mankhwala, imene imabwera m'bokosi momwemo, ipakidwe kawiri kapena katatu.

Pali chifukwa chinanso chotalikitsira. Mu October 2022 ofufuza a boma ku America, a National Institutes of Health, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000. Anapeza kuti amene ankagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi koposa kanayi pa chaka ankadwala khansa ya mkati mwa chiberekero (osati ya khomo la chiberekero) mowirikiza koposa kawiri poyerekeza ndi amene sankawagwiritsa ntchito. Kafukufukuyo anaonetsa kuyendera limodzi kwa zinthu ziwirizi, sanagamule kuti mankhwalawo ndiwo gwero, ndipo matendawa si ofala. Komabe n'chifukwa chokwanira chochepetsera maulendo a retouch, kupewa kupaka pa zilonda, ndi kusawathira mankhwala ana aang'ono. Mizu ikachuluka, kapena mvula ikalimbikira mu January ndi February, lukitsani tsitsi mosathina kwa masabata atatu kapena anayi, mudzawongolenso nyengo ikauma.